Anzanga andiitanira kokasaka mule deer mu Novembala, ndipite?

Wowerenga wina amene akuphunzira ku Colorado, ku America, watilembera za mule deer, nyama yakutchire yonga mbawala, motere: "Ndinabwera kuno chaka chatha pa viza ya sukulu. Anzanga atatu a konkuno andiitana kuti tikasake mule deer kumapiri a kumadzulo chakumapeto kwa Novembala, tikagone m'tenti masiku asanu. Mmodzi akuti andibwereka mfuti yake. Kwathu ku Ntchisi ndinkapita ku uzimba ndi amalume ndili mnyamata, ndiye kusaka si kwachilendo kwa ine. Ndikonzekere bwanji? Nanga nyama yake imakoma?"

Pitani, achimwene. Koma mfuti yobwerekayo muikane, ndipo muikane lero lomwe, anzanuwo asanaipakire m'galimoto. Ndayambira pomwepa chifukwa ndi pamene pangakuwonongereni sukulu. Zina zonsezi zikalakwika mungobwerako ndi matuza kumapazi komanso nkhani yoseketsa anthu.

Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu amene analowa m'dziko muno ndi viza ya kanthawi, monga yanu ya sukuluyo, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo. Limalola ngati munthuyo ali ndi laisensi yosakira nyama yomwe nthawi yake sinathe, yoperekedwa ndi boma la chigawo monga Colorado. Popanda pepala limenelo, ngakhale kungonyamulira mnzanu mfuti yake pokwera phiri n'kudziika pa mlandu waukulu, woti mukhoza kumangidwa nawo kenako n'kukwezedwa ndege yobwerera kumudzi. Anzanuwo anabadwira kuno, lamuloli siliwakhudza, ndipo ambiri sanalimvepo n'komwe. Akukubwerekani ndi mtima wabwino, koma kukhothi mukaima nokha. Safunsa anadya phula: musanagwire mfuti iliyonse, ngakhale kumalo ophunzirira kuwombera, kafunseni ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pasukulu panupo, kapena kwa loya wodziwa za maviza.

Ngakhale mutagula laisensi ya nyama zing'onozing'ono monga akalulu, yomwe imakwanira pa lamulo la mfutilo, siikupatsani chilolezo chowombera mule deer. Kuyambira 1999, ku Colorado malaisensi a nyama imeneyi ndi owerengeka ndipo amagawidwa mwa mayere. Umalembetsa ku Colorado Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, pofika kumayambiriro kwa Epulo, n'kusankha dera, nyengo, komanso ngati ukufuna mphongo kapena yaikazi. Ukalephera umapatsidwa pointi yomwe imakuwonjezera mwayi chaka chotsatira. Otsala amagulitsidwa kuyambira mu Ogasiti, koma a mphongo m'dera labwino mu Novembala satsala wambawamba. Usanagule laisensi iliyonse uyeneranso kusonyeza khadi la maphunziro a alenje ngati unabadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949, kapena kutenga chilolezo cha wophunzira chomwe chimakumangiriza kuyenda ndi mlenje wokhwima pambali pako. Mwati masiku asanu chakumapeto kwa Novembala. Imeneyo ikumveka ngati nyengo yachinayi pa ndondomeko ya boma ya nyengo zosakira ndi mfuti, yomwe malaisensi ake ndi ochepa zedi, ndipo m'madera ena monga a ku Gunnison munthu amaunjika mapointi zaka zambirimbiri kuti aipeze. N'kutheka kuti mwa anzanu atatuwo mmodzi yekha ndiye ali ndi pepala, ndipo walidikira nthawi yaitali kuposa imene inu mwakhala mukudziwa dzina la Colorado. Muzikumbukira zimenezi mukafuna kutsokomola m'mawa wa tsiku loyamba.

Tsono za uzimba wa amalume anu. Ndikuudziwa, inenso ndinakulira momwemo: kutentha tchire chilimwe, agalu patsogolo, anyamata ndi zibonga kukuwa mbali iyi kuti gwape athawire kwa akuluakulu a mikondo ndi mauta, nyama ikagwa n'kugawana aliyense kanthuli kake. Wabaya ndani zinali zokangana pobwerera, koma nyama inali ya gulu. Kuno muiwale zonsezo. Agalu othamangitsa saloledwa, nyambo siiloledwa, tochi yothobwa nyama m'maso usiku siiloledwa, ndipo nthawi yowombera imayamba theka la ola dzuwa lisanatuluke n'kutha theka la ola litalowa. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti laisensi ndi ya munthu mmodzi ndi nyama imodzi. Mwini pepala yekha ndiye amakhethemula mfuti. Mnzanu akatopa n'kunena kuti "tawombera iwe, tilembapo dzina langa," umenewo ndi mlandu kwa nonse awiri, ndipo oyang'anira nyama zakutchire amaudziwa bwino fungo lake. Amayendera misasa, amafunsa mmodzimmodzi payekha, ndipo nkhani zikasiyana amaona. Choncho kusaka ndi anzako kuno n'kuchitira limodzi chilichonse, kukwera, kuyang'ana, kuzizidwa, kusenda, kusenza, kupatula kachitsulo kamodzi kokhethemulirako. Ntchito imene yatsalayo ndi yambiri moti simudzadandaula kuti mwapita chimanjamanja.

Musaone ngati malamulowa ndi nkhanza chabe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyama zambiri zakutchire kuno zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha alenje ogulitsa nyama m'misika. N'chifukwa chake mpaka lero nyama yakutchire yosakidwa siigulitsidwa, ungadye kapena kupatsa ena basi. Ndipo kuyambira 1937, pansi pa lamulo la Pittman-Robertson, mfuti zosakira ndi zipolopolo zimadulidwa msonkho, womwe tsopano ndi 11 peresenti, wopita ku ntchito yosamalira nyama. Mlenje wa kuno amadziona ngati mwini munda, osati wakuba m'munda. Mudzamvetsa chifukwa chake amakwiya akaona wina akuchita zachinyengo.

Nyamayo payokha muidziwe musanaione. Dzina lake lachokera ku makutu, akuluakulu ngati a nyulu, yomwe pa Chingerezi ndi mule, ndipo linalembedwa m'zolemba za ulendo wa ofufuza malo Meriwether Lewis ndi William Clark, amene anakumana nayo mu 1804. Kwathu kulibe mbale wake weniweni. Tikati mbawala kapena nswala tikungoyerekeza, chifukwa zathuzo nyanga zake ndi zamuyaya, pomwe mphongo ya mule deer imagwetsa nyanga zonse chaka chilichonse nyengo yozizira ikamatha, n'kumeretsa zatsopano. Nyangazo zimagawika pawiri, nthambi iliyonse n'kugawikanso pawiri ngati mphanda. Mphongo yokhwima imalemera makilogalamu 90 kapena kupitirira apo, yaikazi n'kucheperapo ndithu. Mu Novembala ubweya wake ndi wotuwa ngati phulusa, kumatako koyera, kamchira kowonda koyera kokhala ndi nsonga yakuda. Kamchirako n'kofunika, chifukwa m'madera ena mulinso white-tailed deer, ya mchira waukulu wotambalala, ndipo mlenje ayenera kudziwa chimene akuloza. Ikadzidzimuka siithamanga ngati mbuzi. Imadumpha miyendo inayi pamodzi, njo! njo! njo! kukwera chitunda cha miyala ngati chinkhoma cha ku Mulanje, ndipo kawirikawiri, makamaka zazing'ono, zimaima patali n'kucheuka kuti zione chomwe chaziopsa.

Chimene anzanu asankhira Novembala ndi ichi. Miyezi yotentha nyamazi zimakhala pamwamba penipeni pa mapiri. Chipale chofewa chikayamba kuunjikana zimatsika kutsata njira zomwe anazitengera kwa amayi awo, kupita kuzigwa ndi zitunda za zitsamba za sagebrush. Ku Wyoming, chigawo choyandikana ndi Colorado, kuli gulu lomwe limayenda makilomita pafupifupi 240 ulendo umodzi, pakati pa Red Desert ndi Hoback. Nthawi yomweyo nyengo yokwerana imakhala yayamba, ndipo imafika pachimake pakati ndi kumapeto kwa Novembala, kuti ana adzabadwe chakumayambiriro kwa Juni, patatha masiku pafupifupi 200. Mphongo yaikulu yomwe chaka chonse imabisala m'nkhalango n'kumatuluka usiku wokha, nthawi imeneyi nzeru zimaithera. Khosi limatupa, kudya imaiwala, imangoyenda mphuno pansi kuchoka pa kagulu aka ka zazikazi kupita pa ako, dzuwa lili pamutu. Alenje amati ukapeza zazikazi khala pomwepo, mwini wake abwera. Zoona zake n'zomwezo.

Kusaka kwake n'kwa maso. Mudzadzuka cha m'ma 4 koloko, kukwera mu mdima ndi tochi ya pamphumi, kukafika pamalo okwera oyang'ana chigwa, n'kukhala pansi. Basi, kukhala pansi, ola limodzi, awiri, atatu, magalasi oonera patali ali m'maso. Apa ndi pamene inu mungathandize kwambiri, ndiye ngati pali chinthu choti mubwereke, bwerekani magalasi amenewo, a 10x42 ndi abwino, pamodzi ndi kamiyendo katatu koikapo kuti manja asanjenjemere. Musamayang'ane phiri lonse nthawi imodzi. Ligaweni tizigawo, muyambe pamwamba kumanzere, muyende pang'onopang'ono ngati mukuwerenga kalata. Musafunefune nyama yathunthu, simudzaiona. Funani kanthu koyera komwe sikayenera kukhala pamenepo, mzere wopingasa wa msana pakati pa mitengo yoimirira, kapena khutu lomwe lagwedezeka. Ndimakumbukira m'mawa wina kumpoto kwa tauni ya Meeker, ndinayang'ana chitunda chimodzi kwa mphindi 40 osaona kanthu koma miyala ndi zitsamba. Dzuwa litangogunda pamenepo mwala wina unapukusa mutu. Nditayang'anitsitsa, miyala isanu ndi iwiri yozungulira pamenepo inali ndi makutu, ndipo kumbuyo kwa kamtengo ka juniper kunatuluka nthunzi ya mpweya, kenako nyanga. Zinali pomwepo nthawi yonseyo. Akuluakulu aja ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ankanena za mule deer osadziwa.

Dziwaninso kuti dzuwa la kuno nyengo ino limayenda motsika chakumwera. Zitunda zoyang'ana kumwera ndi zomwe zimayamba kusungunuka chipale, ndipo n'kumene nyama zimadya m'mawa ndi madzulo, zikumabudula nsonga za sagebrush, bitterbrush ndi mountain mahogany. Mbali yoyang'ana kumpoto imakhala ya mitengo yothithikana ndi chipale chakuya.

Mukaiona, musakuwe. Ndikunena izi chifukwa ine ndinakuwa. Ulendo wanga woyamba, nditaona mphongo ikutuluka m'kachigwa mamita osakwana 300, magazi a ku uzimba anandikwera, ndinadzambatuka n'kuima chilili pamwamba pa chitunda, mkono uli tolotolo, "Iyo! Iyo apo!" Mnzanga mwini laisensi, bambo wofatsa amene anadikira pepalalo zaka zingapo, anangotsitsa magalasi ake, n'kuyang'ana matako oyera akudumpha kulowera kuseri, kenako n'kundiyang'ana ine. Sananene kanthu mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mpaka lero akandiimbira foni moni wake ndi "iyo apo". Chochita n'chakuti maso asachoke pa nyamayo, munong'oneze, ndipo mulongosole malo kuyambira pa chinthu chomwe aliyense akuchiona: mwala waukulu woyera uja, tsikani pansi pake, kumanja kwa mtengo wouma. Ndipo musamaime kapena kuyenda pamsonga pa chitunda pomwe thupi lanu likuonekera kuthambo. Dutsani chokwawa kapena m'munsi mwake.

Za mphepo amalume anu anakuphunzitsani kale, ndipo pano nzeru yawo igwira ntchito. Maso a nyamayi mukhoza kuwanamiza, makutu nthawi zina, koma mphuno ayi. M'mapiri mpweya umayenda ndi dzuwa: m'mamawa kukadali kozizira umatsikira kuchigwa, dzuwa likatenthetsa zitunda umayamba kukwera, madzulo n'kutsikanso. N'chifukwa chake mlenje akaona mphongo yagona cha m'ma 10 koloko amazungulira mtunda wautali kuti aidzere kumtunda. Inu nthawi imeneyo mwina adzakusiyani pa magalasi kuti muziona ngati yadzuka. Mugwirizane zizindikiro za manja kapena chipewa musanasiyane.

Za chovala cha olenji wowala chomwe alenje amavala kuti azionana, lamulo limati wosaka ndi mfuti avale chosachepera masikweya inchi 500 kumtunda kwa chiuno, kuphatikiza chipewa chooneka mbali zonse, ndipo pinki wowala amaloledwanso. Inu ngakhale mulibe mfuti, valani. Nyamayi siiona olenji monga timamuonera ife, koma buluu imamuona bwino, ndiye jinzi ndi yoipa pawiri.

Ndati pawiri chifukwa choopsa chenicheni cha ulendowu si mkango wa m'mapiri, womwe mwina simudzauona ngakhale umadya nyama zomwezi, kapena chimbalangondo, chomwe nthawi imeneyi nthawi zambiri chimakhala chalowa kale kuphanga. Choopsa ndi kuzizira. Kuzizira kwa Juni ku Ntchisi kapena ku Dedza kusakunamizeni. Tauni ya Gunnison ili pa mamita oposa 2,300, ndipo misasa yambiri ili pamwamba kuposa apo, ina kufika msinkhu wa Sapitwa, mamita 3,002. M'mawa wa Novembala kumatha kuzizira mpaka madigiri 15 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa. Thonje ndi mdani. Mukakwera phiri mutavala malaya a thonje ndi jekete lalikulu mumatuluka thukuta, mukakhala pansi thukutalo limazizira pathupi, ndipo pakatha theka la ola mano akugundana, zala sizikumanga chingwe cha nsapato. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, za ubweya wa nkhosa kapena za nsalu zosasunga madzi. Pokwera vulani mpaka muzimva kazizizi, mukafika pokhala valani jekete lofunda lomwe munalinyamula m'chikwama. Munthu akayamba kulankhula zosamveka, kupunthwapunthwa, kapena kusiya kunjenjemera pomwe akadali wozizira, kusaka kwatha, m'vuleni zonyowa, m'fundikeni, m'tsitseni. Nsapato zikhale zosalowa madzi ndipo muyambe kuziyendera panopa. Botolo la madzi muzigona nalo m'chikwama chogonamo, apo ayi m'mawa mupeza mwala. Chitofu cha gasi kapena mbaula ya makala m'tenti yotseka imapha mwakachetechete, monga momwe mbaula imaphera anthu m'nyumba kwathu nyengo yozizira.

Kukwera kwa malowo nakonso kumadwalitsa: mutu, nseru, kusowa tulo, kupuma mwabefu. Poti mwakhala ku Colorado chaka, thupi lazolowerako, komabe imwani madzi ambiri ndipo mowa usiku woyamba muupewe. Mutu ukakula kapena mukayamba kutsokomola ndi kubanika mutangokhala, mankhwala ake ndi kutsika. Netiweki ya foni kulibe m'zigwa zambiri. Koperanitu mapu mufoni, ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya onX Hunt, yomwe imaonetsanso malire a malo a boma ndi a anthu. Ku Colorado mwini malo sakakamizidwa kuika chikwangwani kapena mpanda, udindo wodziwa pomwe waponda ndi wako. Dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndiye tochi ndi mabatire apadera zisachoke m'chikwama ngakhale mukuti mukungopita apa.

Ngakhale simugwira mfuti, muziona mmene anzanuwo akuigwirira, chifukwa chaka chamawa mudzasankha ngati mungayende nawonso. Mlenje wabwino kamwa ya mfuti yake siiloza munthu ngakhale kamphindi, ngakhale akudziwa kuti mulibe chipolopolo. Amachotsa chipolopolo asanalowe m'galimoto, lomwenso ndi lamulo, komanso podumpha mpanda. Sayang'anira chinthu chosadziwika pagalasi la pamfuti, amayamba ndi magalasi a m'manja. Sawombera nyama yoima pamsonga pa chitunda, poti sadziwa chomwe chili kuseri. Botolo la mowa limatsekulidwa usiku mfuti zitasungidwa. Mukaona wina akuseweretsa zimenezi, nenani poyera, ulendo woyamba womwewo. Kuchita manyazi a mlendo pamenepa n'kupusa.

Mfuti ikalira, ntchito yanu ndi maso. Woombera amagwedezeka ndi mfuti ndipo nthawi zambiri saona bwino chomwe chachitika. Inu onani pomwe nyama inaima, mmene yadumphira, ndi pomwe mwaionera komaliza, ndipo muloweze mtengo kapena mwala wa pamenepo. Amalozera kuseri kwa mwendo wamwamba, pa mapapo ndi mtima. Ikathawa, musaithamangire. Dikirani theka la ola. Magazi owala a thovu ndi a m'mapapo, siili patali. Akuda bii ndi a chiwindi, ipatseni nthawi. Mukapeza zobiriwira zonunkha, chipolopolo chadutsa m'mimba, ndipo pafunika kudikira maola angapo, chifukwa mukaidzutsa pomwe yagona ipita kutali n'kukafera kosapezeka. Kulondola magazi pa chipale n'kosavuta, koma pa zitunda zouma za kumwera kuja maso a mwana wa ku uzimba adzaposa a anzanu onse. Mukaipeza, mwini wake amasaina ndi kulemba tsiku pa kapepala ka laisensi nthawi yomweyo, zithunzi pambuyo.

Apa ndiye payambira thukuta. Nyama siigwa pafupi ndi msewu. Ambiri masiku ano satumbula n'komwe: amaigoneka chammbali, kusenda chikopa mbali imodzi, kuchotsa mwendo wamwamba ndi wathako, kusadza mnofu wautali wa m'mbali mwa msana, nyama ya pakhosi ndi ya m'nthiti, kutulutsa timinofu tofewa ta mkati mwa msana, kenako kuitembenuza. Zonse zimalowa m'matumba a nsalu kuti zipume ndi kuzizira msanga. Lamulo limafuna kuti miyendo inayi, minofu ya msana ndi timinofu ta mkati tija zisasiyidwe kutchire, ndiponso kuti chizindikiro choti ndi mphongo kapena yaikazi chikhale chikadali cholumikizika ku nyama mpaka kufika kunyumba. Kudula mutu wokha n'kusiya thupi ndi mlandu waukulu kwambiri. Samalani ndi tizigamba ta ubweya wakuda mkati mwa mawondo a miyendo yakumbuyo. Mphongo imakodzerapo dala nyengo yokwerana, ndipo mpeni kapena dzanja likakhudza pamenepo kenako n'kukhudza mnofu, fungo lake mudzalipeza m'mbale. Chiwindi mukachitulutsa musavutike kufunafuna ndulu kuti muichotse, nyama za mtundu umenewu zilibe ndulu. Ndinaifunafuna mphindi zingapo tsiku loyamba anzanga akuseka.

Kenako kusenza. Mwendo wathako ndi wamwamba m'chikwama, ndodo m'manja, chitunda choterera, mdima. Anthu anayi amatha mphongo imodzi ulendo umodzi, munthu yekha amabwerera kawiri kapena katatu. Apa ndi pamene mudzaone chifukwa chake anakuitanani, ndipo apa ndi pomwe amasankha woti adzamuitanenso.

Mwafunsa ngati imakoma. Imakoma, koma ndiyambe ndi chenjezo lomwe likutikhudza ife Amalawi kuposa anzathu a kuno, chifukwa ife nyama timaidya yonse, mutu, bongo, zam'kati, mafupa a msuzi. Kuli matenda otchedwa chronic wasting disease, mwachidule CWD, omwe anayamba kuonedwa mu 1967 pa mule deer zosungidwa pamalo ofufuzira ku Fort Collins, konkuno ku Colorado, ndipo tsopano ali m'magulu ambiri a nyamazi m'chigawo chino. Sayamba ndi kachilombo wamba koma ndi puloteni yopindika molakwika yomwe imawononga bongo, ndipo kuphika, kuwamba kapena kufutsa sikuipha. Nyama imatha kukhala nawo kupitirira chaka ikuoneka yonenepa bwinobwino, ndipo mphongo zazikulu, zomwe anzanu akufunazo, ndi zomwe zimapezeka nawo kwambiri. Palibe munthu amene watsimikizika kuti anawatenga, komabe a zaumoyo ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amalangiza kuyezetsa nyama yochokera m'madera okhudzidwa ndi kusadya yomwe yapezeka nawo. Mutu umaperekedwa ku ofesi ya zanyama kuti achotse timwanabere ta pakhosi n'kukayeza, ndipo m'madera ena kuyezetsako n'kokakamiza. Tsono bongo, fupa la msana ndi mkati mwake, maso, kapamba ndi timwanabere, zisiyeni, ngakhale mtima ukuwawa kuona mutu wabwinobwino ukutayidwa. Valani magolovesi posenda. Nyama yonse, kuphatikiza mtima ndi chiwindi, ikhale mufiriji yoziziritsa kwambiri, yolembedwa bwino, mpaka zotsatira zitatuluka. Ndikudziwa kuti mwambo wa pamsasa ndi kukazinga mtima usiku womwewo. Ine ndinasiya.

Zotsatira zikabwera bwino, mudzapeza nyama yofiira kwambiri, yopanda mafuta mkati, ya kafungo ka zitsamba zomwe imadya. Ya mphongo ya mu Novembala fungo limakhala lamphamvuko kuposa ya yaikazi, koma kwa munthu wokulira pa nyama ya tonde si nkhani. Mafuta ake oyera a pamwamba achotseni onse, amagwira m'kamwa ngati kandulo. Mnofu wa msana musaupsereze, mchere, moto waukulu, mphindi zochepa mbali iliyonse. Miyendo ndi khosi zimafuna moto wa pang'onopang'ono, anyezi, tomato, maola awiri kapena atatu, ndipo pa nsima zimaposa ng'ombe ya m'sitolo kutalitali. Nyamayo ndi ya mwini laisensi. Mwambo wake ndi woti amene wasenza nawo amapatsidwako, koma musaitanitse gawo ngati ku uzimba, dikirani akupatseni, ndipo akupatseni ndi kapepala kolemba dzina lake ndi nambala ya laisensi. Ndalama za mafuta a galimoto ndi chakudya mukambirane musananyamuke, kuno anthu sachita nazo manyazi.

Ufa tengani, ndi mthiko womwe. Usiku wina muwaphikire, palibe chakudya chogwira m'mimba pa chisanu ngati chimenecho. Dziwani chabe kuti pa mamita 2,500 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 92, ndiye phala lisiyeni libwate nthawi yaitaliko musanayambe kuthira ufa wina, apo ayi mudzawadyetsa yosapsa n'kuchititsa manyazi dziko lonse. Nyemba zouma musayese n'komwe.

Mukabwerako mtima ukakhala kuti wakodwa, lembetsani maphunziro a alenje mu Januwale kapena Febuluwale, malo asanadzaze. Funsani a Colorado Parks and Wildlife ngati mukuwerengedwa ngati wokhala m'chigawochi, poti wophunzira amene wakhala pasukulu ya konkuno miyezi isanu ndi umodzi amatha kulipira mtengo wotsika wa eni dera. Gulani laisensi ya nyama zing'onozing'ono, yomwe imakuyenerezaninso kuti mulowe m'mayere, ndipo pofika Epulo mulembetse, mwina ya yaikazi kaye, yomwe m'madera ambiri siivuta kupeza. Miyezi yotentha muithere kophunzirira kuwombera ndi mfuti ya mtundu wa .270, .308 kapena 6.5 Creedmoor, mpaka muzitha kulasa mbale ya nsima pa mamita 200 kasanu motsatizana, mutagona pansi, mfuti itatsamira pa chikwama. Ngati mbaleyo mukuiphonya pa 200 koma mukuilasa pa 120, ndiye kuti mtunda wanu chaka chamawa ndi 120.